Kuphunzitsa kusambira uli pa TP: kumene uyenera kuima ndi zimene uyenera kuwerenga

Mphunzitsi amene ali pa teaching practice (TP), nthawi imene wophunzira uphunzitsi amakayeserera ntchito ku sukulu, amafika pa dziwe losambiramo atazolowera za m'kalasi. M'kalasi mukhoza kutembenukira ku bolodi n'kulemba kwa mphindi ziwiri ana ali kumbuyo kwanu. Mukhoza kuwerama pa desiki ya mwana amene masamu amuvuta, enawo n'kumapitiriza ntchito, ndipo alekichala akabwera kudzakuonani amakupatsirani malikisi pa zimenezo. Pa dziwe khalidwe lomwelo ndi loopsa. Mukawerama kuthandiza mmodzi, ena 11 atsala opanda wowayang'ana.

Ambirife timaganiza kuti mwana akamamira amakuwa ndi kukodola ndi manja. Sizitero. Pakamwa pake pamamira n'kutumphuka, ndipo kanthawi kamene pali pamwamba amakagwiritsa ntchito kukoka mpweya, mwayi woitana palibe. Thupi limakhala chiimirire, mutu utagwera kumbuyo, manja akupanda madzi m'mbali, miyendo ili lende. Frank Pia, amene anajambula ndi kufufuza anthu omira pa gombe lina ku New York, anapeza kuti zimenezi zimatenga masekondi 20 mpaka 60 munthu asanapite pansi. Anzake a womirayo amene ali pafupi amaona ngati akusewera. Choncho zonse zimene zikubwerazi, kuyambira pa lesson plan (chikonzero cha phunziro) mpaka potseka geti, cholinga chake ndi chakuti pasapite masekondi 10 mwana aliyense asanaonedwe.

Phunziroli si la masanje. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chili pamwamba. Mwa njira zimene bungweli limalimbikitsa muli kuphunzitsa ana a msinkhu wa sukulu kusambira ndi kupulumutsa mnzawo popanda kudziika pa ngozi. Kuno kwathu, kumene ana amawoloka mitsinje yodzaza popita ku sukulu m'dzinja, mwana amene waphunzira kuyandama chagada wapindula kuposa amene waloweza malamulo a netball.

Choyamba, musavomere kukhala nokha. Inu mukuphunzira ntchito, ndipo udindo wa ana uli pa mphunzitsi wa kalasiyo, mentor wanu. Iye akhalepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, asaone ngati wapeza mpata wokachonga makope ku staff room. Kuwonjezera pa iye pakhale munthu wina wodziwa kusambira ndi kupulumutsa, amene ntchito yake ndi kuyang'ana madzi basi. Iyeyu saphunzitsa, sagawa zipangizo, sagwira foni. Ku England malangizo amati mphunzitsi mmodzi asapitirire ana 12 osadziwa kusambira, ndipo ngati walowa nawo m'madzi asapitirire 6. Makalasi athu a ana 50 kapena 70 sangalowe onse nthawi imodzi. Agaweni m'magulu, gulu limodzi m'madzi, enawo akhale pansi kutali ndi m'mphepete, pansi pa mphunzitsi wina, akuyeserera kuponya chingwe pa kapinga. Gulu lodikira likasiyidwa lokha ndi limene limakankhirana m'madzi.

Pitani pa dziwelo dzulo lake, makamaka pa ola limene phunziro lidzachitike. Manambala a kuya olembedwa m'mphepete musangowakhulupirira, chifukwa madzi amatsika akamauma kapena dziwe likamadontha, ndipo nthawi zina amawadzaza mopitirira. Tengani nsungwi muyeze nokha. Chimene mukufuna kudziwa kwenikweni ndi pamene pansi payambira kutsetsereka, popeza maiwe ambiri amayamba mosaya kenaka n'kutsika mwadzidzidzi. Mwana amene akuyenda bwinobwino madzi ali m'chifuwa, akaponda pa mtsetsewo amaterereka, ndipo thupi likamapepuka m'madzi zala za kumapazi zimalephera kumubweza. Mangani chingwe chodutsa dziwe lonse, mita imodzi musanafike pa mtsetse, ndipo mumangirirepo zigubu zopanda kanthu kuti chiziyandama ndi kuoneka. Kwa oyamba kumene madzi afike pakati pa chiuno ndi chifuwa cha mwana wamfupi kwambiri m'gulu. Muyezo ndi iyeyo, wamtaliyo sali pa vuto.

Mukatero muime kumbali yakuya n'kuyang'ana pansi. Ngati chivundikiro cha pa dzenje lokokera madzi simukuchiona bwinobwino, phunziro palibe, ngakhale alekichala atayenda ulendo wautali kudzakuonani. Madzi amene akubisa chivundikiro angabisenso mwana. Madzi amachita mbuu kawirikawiri magetsi akazima nthawi yaitali, chifukwa pampu imaima, sefa sigwira ntchito, ndipo dzuwa limatha klorini msanga. Pakapita masiku awiri kapena atatu ndere zimayamba, makoma n'kumaterera. Funsani bambo amene amasamala dziwe akuonetseni poyeza. Klorini asachepere 1 ppm (muyezo wa kuchuluka kwake m'madzi), ndipo pH (muyezo woonetsa ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa) ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.8. pH ikakwera kupitirira pamenepo klorini amafooka ngakhale athiremo wambiri, ikatsika kwambiri maso amathetha. Fungo lamphamvu la "mankhwala" limene anthu amati ndi chizindikiro cha ukhondo limabwera klorini akasakanikirana ndi thukuta ndi mkodzo, ndiye likamveka kwambiri dziwani kuti madziwo atopa.

Zipangizo zopulumutsira sizilira ndalama, ndipo apa TALULAR, njira yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, imene munaphunzira ku koleji ikugwira ntchito yake yeniyeni. Nsungwi yolimba ya mamita 3, yopalidwa bwino kuti isabaye. Chigubu cha malita 5 chotseka bwino, chomangidwa ku chingwe cha mamita 10 kapena 15; thiranimo madzi pang'ono, ngati kapu ziwiri, chifukwa chopanda kanthu mphepo imachiuluza ndipo sichifika pamene mwaloza. Bokosi la first aid, foni yokhala ndi moto ndi mayunitsi, ndiponso mudziwiretu galimoto imene ingathamangire kuchipatala ndi amene akusunga makiyi. Zonsezi zikhale m'mphepete mwa dziwe ana asanafike, osati mu stores.

Nkhani ya kuzizira ambiri amaiderera. Madzi abwino kuphunzitsiramo ana amakhala pa madigiri 28 mpaka 30. Maiwe a panja opanda chotenthetsera, m'madera ngati Blantyre, Zomba kapena Dedza, m'miyezi ya June ndi July amazizira kutali ndi pamenepo, ndipo mwana wowonda amayamba kunjenjemera pasanathe mphindi 10. Mwana wozizidwa samva malangizo, amauma mapewa, ndipo thupi louma siliyandama bwino. Yang'anani chibwano ngati chikugwedezeka, milomo ndi zikhadabo ngati zayamba kutuwa. Oteroyo atuluke, adzipukute, avale juzi. October ndi November ndiyo miyezi yabwino, koma mvula ikayamba pabwera za ziphaliwali. Bingu likangomveka, ngakhale patali, onse atuluke akalowe m'nyumba, ndipo asabwerere mpaka padutse mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Makolo alembereni kalata sabata isanafike, yopempha chilolezo ndi yofunsa za umoyo wa mwana. Mwana wa khunyu akhoza kusambira ngati achipatala avomereza, koma akhale ndi munthu wamkulu womuyang'ana iye yekha, chifukwa akagwa m'madzi amamira mwakachetechete. Wa mphumu abwere ndi mankhwala ake opopera, akhale pafupi. Wotuluka mafinya m'khutu, wa zilonda zosapola ndi wa maso ofiira adikire. Wotsegula m'mimba asalowe konse, pakuti kachilombo kena kotchedwa Cryptosporidium kamakhala ndi moyo masiku angapo m'madzi a klorini, ndipo mwana mmodzi akhoza kudwalitsa kalasi yonse. Makolo ena amabisa za khunyu poopa kuti mwana azisekedwa, choncho funsaninso mentor, amene amawadziwa anawo.

Zovala nazo zili ndi pake. Si mwana aliyense angakhale ndi kositomu, ndipo palibe chifukwa chomubwezera. Kabudula wa mpira ndi malaya othina opepuka zikwanira. Atsikana akhoza kuvala tayiti ndi malaya ogwira thupi. Chimene sichiloledwa ndi chitenje, siketi yaitali, jinzi ndi T-shirt yaikulu ya thonje, chifukwa zimamwa madzi, zimalemera, ndipo zimakulunga miyendo kapena kuphimba nkhope. Mtsikana akanena kuti lero salowa, musamufunse chifukwa pamaso pa anzake. Mphunzitsi wamkazi alankhule naye pambali. Nthawi zina ali kumwezi, nthawi zina wangolukitsa tsitsi dzulo ndipo akuopa mayi ake, ndiye kapu yosambirira imathetsa nkhani. Kosinthira zovala kwa atsikana kuyang'aniridwe ndi wamkazi, kwa anyamata ndi wamwamuna. Onse apite kuchimbudzi ndipo adzitsire madzi asanalowe. Mafuta odzola, makamaka Vaseline, amachita utoto pamwamba pa madzi ndi kutseka sefa.

Tsopano nthawi. Phiriyodi ya mphindi 40 pa pepala imaoneka yokwanira, koma kuyenda, kuvula ndi kusamba zimadya mphindi 10, kudzipukuta ndi kuvala zinanso 10. Zotsala ndi 20. Lesson plan ya wophunzira ntchito imakonda kudzaza zinthu 7 kapena 8 pofuna kusangalatsa alekichala, mpaka kulembamo kasambiridwe ka breaststroke tsiku loyamba. Chotsanimo. Pa zizindikiro zakakhozedwe lembani zitatu zooneka ndi maso: mwana alowe ndi kutuluka m'madzi yekha, aike nkhope m'madzi akutulutsa mpweya kwa masekondi 5, ayandame n'kuimiriranso popanda womugwira. Ngati n'kotheka pemphani mapiriyodi awiri otsatizana.

Ana asanakhudze madzi, akhale pansi patali ndi m'mphepete mugwirizane za wezulo. Kamodzi kakafupi: siya zimene ukuchita, imirira, yang'ana aphunzitsi. Kamodzi kakatali: gwira khoma lapafupi, tuluka, khala pansi. Muyesere zimenezi kawiri pamtunda, ndi kamodzinso akangolowa. Wezulo musaimbe pa china chilichonse, apo ayi amasanduka phokoso wamba. Mawu anu pa dziwe samveka monga m'kalasi, popeza makutu a ana ali m'madzi ndipo madzi akuphulika, choncho chizindikiro chilichonse chikhale ndi dzanja lake.

Apatseni awiriawiri, a msinkhu wofanana, ndipo aliyense adziwe kuti mnzakeyo ndi katundu wake. Mukaimba wezulo n'kunena kuti "mnzako ali kuti?", agwirane dzanja n'kukweza m'mwamba. Kuwerenga magulu 6 a awiriawiri n'kofulumira kuposa kuwerenga mitu 12 yonyowa, imene imafanana yonse. Muwerenge potuluka m'kalasi, pofika pa dziwe, akangolowa, pakutha pa ntchito iliyonse, ndi akatuluka. Nambala ya tsikulo ilembeni pa dzanja ndi bolopeni. Zikuoneka zachibwana, koma mutu ukatanganidwa mumayamba kukayika ngati anali 12 kapena 13.

Poima panu ndi pamtunda, pafupi ndi chingwe cha malire, pamene ana onse ali kutsogolo kwanu ndipo palibe ali kumbuyo. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena cham'mbali. Mukayang'anizana nalo, kunyezimira kwa pamwamba pa madzi kumabisa zonse za pansi. N'zoona kuti mukatero anawo ndi amene azithobwa m'maso pokuyang'anani, koma pa ziwirizi kuona pansi ndiko kofunika. Mtima umafuna kuti mulowe m'madzi muwaonetse, makamaka ngati mumasambira bwino. Mukalowa maso anu ali pa msinkhu wa madzi ndipo mitu ya apafupi ikubisa akutali. Sankhani mwana amene akuchita bwino aonetse anzake, kapena mentor aime pamalo panu inu musanatsike.

Musakhulupirire mwana wonena kuti "ine ndimatha". Ana a kunyanja, a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota kapena Nkhata Bay, ambiri amathadi, ngakhale amasambira mutu uli pamwamba. Koma alipo ena amene anazolowera kamtsinje kosaya, kumene amadzikankha ndi phazi pansi pakapita mikono iwiri iliyonse, ndipo iwo eni amakhulupirira kuti akusambira. Aliyense ayesedwe kosaya, mmodzimmodzi, m'mbali mwa khoma.

Polowa, palibe kudumpha. Mwana akhale m'mphepete miyendo ili m'madzi, aike manja onse awiri mbali imodzi, atembenuke kuyang'ana khoma, atsike pang'onopang'ono mpaka mapazi aponde. Kenaka ayende atagwira khoma, abwerere osagwira, mapazi akukhwekhwereza pansi ndi manja akupalasa kutsogolo. Mphindi zitatu zikwana.

Kupuma ndiye phata la phunziro lonse, ndipo apa musathamange. Yambani ndi chimene amachita m'mawa uliwonse: atunge madzi m'manja asukusule. Kenaka chibwano m'madzi auzire ngati akuziziritsa phala, kenaka pakamwa m'madzi atulutse thovu, kenaka mphuno, pomaliza nkhope yonse. Cholakwa cha pafupifupi aliyense ndi kugwira mpweya. Amakoka wambiri, amatseka pakamwa, amamiza nkhope, ndipo akadzuka amayenera kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi, ndiye amamwera. Lamulo ndi lakuti mpweya utuluke nkhope ili m'madzi, ukokedwe ndi pakamwa nkhope ili kunja. Madzi akamalowa m'mphuno, muuzeni ang'ung'udze "mmmm" nkhope ili pansi. Mpweya wotuluka m'mphuno umatsekereza madzi. Amene akudzuka n'kumapukuta kumaso ndi manja onse awiri muuzeni angophethira, chifukwa tsiku limene adzagwere m'madzi akuya manjawo adzafunika pa ntchito ina.

Pa kuyandama chagada, mnzake aime kumutu, manja ali pansi pa mapewa. Woyandamayo makutu alowe m'madzi, maso kumwamba, mimba ikwere, manja ndi miyendo zitambasuke. Thupi limakhala ngati sikelo imene pakati pake ndi chifuwa, mmene muli mpweya. Mutu ukadzuka kuti aone mapazi, chiuno chimamira nthawi yomweyo, mwana n'kuchita mantha n'kupindika. Choncho musamuuze kuti "kweza miyendo", muuzeni kuti "yang'ana mitambo". Anyamata owonda a minofu yolimba miyendo yawo imatsika ngakhale achite zonse bwino. Sikulakwa kwawo, atambasulire manja kumutu, apinde mawondo pang'ono kapena aponde madzi mofatsa. Inu mukafuna kugwira mwana, muuzeni kaye pamene mugwire, ndipo pakhale pamapewa, kumutu kapena m'manja, poonekera kwa onse.

Chimene aphunzitsi atsopano amaiwala kawirikawiri ndi kuphunzitsa kuimiriranso. Mwana akhoza kumira m'madzi ofika m'chiuno chifukwa choti wayandama, miyendo yakwera, ndipo sakudziwa kuibweza pansi. Phunzitsani zimenezi asanamusiye mnzake. Kuchokera chagada: chibwano pachifuwa, mawondo akwere, manja akokolole madzi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo ngati akukhala pa mpando, kenaka mapazi onse awiri pansi. Kuchokera chafufumimba: mawondo pachifuwa, manja akanikize madzi pansi, mutu udzuke, mapazi pansi. Abwereze kasanu kapena kupitirira. Ngati nthawi yatha musanafike pa kuponda miyendo, palibe chatayika.

Nthawi ikalola, agwire khoma kapena chigubu aponde miyendo. Kuponda kuchokere m'chiuno, mawondo ongopindika pang'ono, akakolo omasuka, zala zoloza kumbuyo, madzi azingowira pang'ono pa zidendene. Ambiri amapalasa ngati njinga ya kabaza, mawondo akubwera pamimba, ndipo sayenda kapena amabwerera m'mbuyo kumene. Akhale m'mphepete aponde akuona miyendo yawo, kenaka abwerere m'madzi.

Polankhula, mfundo imodzi, masekondi osapitirira 20, kenaka achite. Mwana amene waima m'madzi kumvera ulaliki akuzizidwa. Ndipo pokonza cholakwa cha mmodzi, lankhulani naye maso anu akuyendabe pa gulu lonse. Poyamba zimaoneka ngati mwano kulankhula ndi munthu osamuyang'ana, koma pa dziwe ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mwana wamantha musamukoke, musamuwaze madzi, ndipo anzake asamuseke. Akhale pa masitepe madzi ali m'mawondo, asukusule, atsike sitepe ina akafuna yekha. Amene anaponyedwapo m'madzi ndi achimwene ake "kuti aphunzire" amatenga masabata kuti akhulupirirenso munthu. Wovuta kwambiri ndi katswiri wodzionetsera. Mpatseni ntchito yoonetsa anzake, koma malamulo awiri asawaphwanye. Loyamba, kudumpha chamutu kosaya kumathyola khosi. Kumaphunzitsidwa pa madzi akuya mamita 1.8 kapena kuposa, ndipo si za tsiku loyamba. Lachiwiri, mpikisano wokhalitsa pansi pa madzi ndi woletsedwa. Ana amapuma mofulumira kambirimbiri asanamire poganiza kuti akudzaza mpweya wabwino, pamene akungochotsa mpweya woipa umene umauza thupi kuti lipume. Mpweya wabwino umatha iye asanamve kubanika, amakomoka ali pansi, anzake pamwamba akumuwerengera masekondi ndi kumuchemerera.

Zikavuta, imbani wezulo wautali, mentor atulutse ndi kuwerenga ena onse, inu kapena woyang'anira madzi athandize amene ali pa vuto. Yambani ndi nsungwi, mutagona chafufumimba m'mphepete kuti asakukokereni m'madzi. Ngati ali patali ponyani chigubu chipitirire pang'ono, mukoke chingwe chimufike m'manja. Kulowa m'madzi ndi njira yomaliza, ndipo mulowe ndi chinthu choyandama choti agwire icho, chifukwa womira amakwera pa aliyense amene wamuyandikira. Akatuluka ndipo sakupuma, mugonekeni chagada, mutsegule njira ya mpweya, mumuuzire mpweya kasanu, kenaka kukanikiza pachifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwereza, pa liwiro la kukanikiza ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akuimba foni. Kuuzira kumayamba chifukwa chimene chamugwetsa ndi kusowa mpweya. Zomutembenuza mutu pansi kapena kumufinya pamimba kuti "madzi atuluke" zimangotaya nthawi ndi kumusanzitsa. Izi muziphunzire ndi manja pa maphunziro a first aid musanapite pa TP, kuwerenga kokha sikukwanira. Mwana amene wamwera n'kumatsokomolabe, kupuma movutika kapena kuoneka wofooka apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo makolo auzidwe ngakhale akuoneka kuti wachira.

Sukulu zathu zambiri zilibe dziwe, ndipo wina angaganize zotengera ana kunyanja kapena ku damu. Ku Bangladesh, pulogalamu ya SwimSafe imaphunzitsa ana m'maiwe a m'midzi, koma amayamba amangamo nsanja ya nsungwi yokhala ndi mpanda kuti kuya kudziwike ndipo mwana asatuluke m'malire. Popanda zotero, komanso ndi likodzo ndi ng'ona zimene zili m'madzi athu ambiri, imeneyo si ntchito ya munthu amene ali pa TP.

Mphindi zitatu zomaliza zikhale za masewera ofatsa, monga kuuzira kampira kopepuka kuwoloka nako dziwe, kuti atuluke mtima uli m'malo. Atuluke pa masitepe kapena pakhoma mmodzimmodzi, akhale pansi, muwerenge. Ana akapita kosinthira ndi aphunzitsi anzanu, inu muzungulire dziwe lonse mukuyang'ana pansi, ngodya zonse zinayi ndi pansi pa masitepe. Chotsani zigubu ndi mipira yotsala pamadzi, chifukwa ndi zimene zimakopa mwana kubwerera yekha kudzatola. Tsekani geti, kiyi mupereke m'manja mwa mwini wake. Pa evaluation ya lesson plan musangolemba kuti phunziro linayenda bwino. Lembani mayina: amene aika nkhope m'madzi, amene ayandama koma sanathe kuimirira okha, amene anatsalira pa masitepe ndi sitepe imene anafika. Magulu a sabata yamawa mudzawagawa kuchokera pa mndandanda umenewo.